Nyimbo Zosowa Oyankha

Tikukhala ku Area 47, kuseri kwa mpanda wathu kunali bambo wina wachikulire wachiyuda. Bambowa anabwera kuno kudzagwira ntchito ya ulimi wothirira, ndipo atapuma sanabwerere kwawo. Lachisanu dzuwa likapendeka tinkawamva akuimba pakhonde. Nyimbo zake zinali zokoka, zokhotakhota, ndipo pena ankalekeza pakati, kukhala chete, kenaka n'kupitiriza. Ine ndinkayesa kuti akuiwala mawu.

Tsiku lina tinakumana ku msika wa Tsoka akusankha mabilinganya. Anali atamva kwa mlonda wawo kuti ndimaimbitsa kwaya kutchalitchi kwathu.

"Mayi, ndili ndi pempho," anatero m'Chichewa chawo chapang'onopang'ono. "Nyimbo zanga zija, wina amatsogolera, gulu n'kuyankha. Pamene ndimakhala chete paja ndi pa gulu. Gululo ndilibe."

Anandifotokozera kuti ndi ndakatulo zakale zachiheberi zotamanda Mulungu, zoimbidwa pa Sabata ndi pa zikondwerero. Mawu ake ali m'mabuku, koma kaimbidwe ka m'tauni imene anabadwira atate awo, kumpoto kwa Africa, sikanalembedwe paliponse, ndipo anthu akumeneko anabalalika kalekale. Tsopano achinyamata ena kwawo anali atayamba kufunafuna kaimbidwe kotere, choncho mwana wawo wamkazi ankawaumiriza kuti ajambule pafoni zimene akukumbukira.

Ndinakawauza kaye abusa. Atamva kuti mawu ambiri ndi ofanana ndi a m'Masalimo, anangoti tipite.

Zokumana Loweruka bambo wachiyuda uja anakana, akuti tsiku limenelo ndi Sabata, sagwira foni. Tinkapita Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, anthu ochepa chabe a kwaya. Mawu sanativute kwenikweni, kupatula aja otulukira kukhosi. Chinavuta n'chizolowezi chathu. Akangotiphunzitsa mzere umodzi, abambo ankatsikira ku besi, amayi n'kugawana mawu apamwamba ndi apakati, popanda wowauza.

Mkulu uja anakweza dzanja. "Zikukoma, koma si zimenezo. Kwathu onse amayenda njira imodzi."

Mmodzi mwa abambo a besi, kalipentala, anang'ung'udza kuti kuimba kotero n'kwa ana a sukulu ya mkaka. Sanabwerenso. Otsalafe tinaphunzira kuyenda pa liwu limodzi, n'kumakhota pamene iwo akhota. Panali nyimbo ina imene ankaiyamba bwinobwino koma ndime yomaliza inali itawathawa. Anayesa masabata angapo, pena akumenya chala pa tebulo, pena atatsinzina. Kenaka anati tingoijambula momwemo, yoduka.

Chaka chotsatira anadwala, mwana wawo n'kudzawatenga. Nyumba ija anthu ena anaisandutsa ofesi, khonde n'kulitseka ndi magalasi.

Uthenga wa imfa ya mkulu uja unandipeza mochedwa. Mwana wawoyo anautumiza pamodzi ndi kanema wa pafoni: achinyamata atazungulira tebulo, akuimba nyimbo zija ndi kang'oma kakang'ono, mothamanga kuposa mmene tinkaimbira ife. Yoduka ija anaiimba mpaka kumapeto. Mwanayo anafotokoza kuti nkhalamba ina ya mumzinda wina itamva zimene tinajambula, inakumbukira ndime yotsalayo. Koma panali nkhalamba inanso imene inkatsutsa, kunena kuti ndimeyo ndi ya nyimbo ina, ya paukwati, ndipo ailumikiza pamalo posayenera. Pamene ankandilembera, awiriwo anali asanagwirizanebe.