Agogo ali pa chithunzi cha ku Scotland

Moni nonse.

Lero kunja kuno, mumsewu wa Lafayette Road, ndagula bokosi la zithunzi zakalekale za ku Scotland: milatho, matchalitchi, nyumba zachifumu zogumuka. Monga katswiri amene koleji anaisiyira panjira, ndaziunika chimodzichimodzi.

Pa china, pakhomo pa tchalitchi chamiyala, paima munthu wakuda yekhayekha, chipewa kumanja, khutu lakumanzere lodulidwa nsonga. Ndawaonetsa azakhali, amene abwera kudzacheza kuchokera kutauni ya South Bend. Ataona khutulo, angokhala pansi. Kenako akuti, "Awa ndi bambo anga. Iwe, chiwotche."

Paja agogo sanatulukepo m'Malawi, ndipo kamera ankaikana moyo wawo wonse. Ankangoti, "Ndinajambulidwa kale."

Azakhali akufunafuna machesi. Ine ndayamba ndachitembenuzira kukhoma, mwaulemu. Ndiye abale, ndiwotchedi chithunzi chokhacho cha agogo?