Ufa wa K2,500 umene ndinkamwetsa mkazi wanga

Mkazi wanga Felisita, wa zaka 26.
Nyumba ya malata imene ndinamanga kwawo ku Ndunde.
K105,000.
Milungu isanu ndi umodzi.
Dzino lakutsogolo, Lachiwiri lapitali.

Mwana wathu Takondwa sindinamuike pa mndandanda uwu wa zimene ndataya. Za iye zikambidwa Loweruka.

Ndikulemba za kashopu kena pa Boma kogulitsa zolimbitsa thupi. Dzina sinditchula chifukwa nkhaniyi ili kupolisi. A pa Boma mukukadziwa. Kutsogolo kuli zitini zazikulu zakuda pa shelefu, kuseri kuli bwalo lonyamulira zitsulo. Mwini wake timangowatchula kuti a Kochi.

Ine ndine mphunzitsi wa kusekondale cha ku Namitambo. Ndili ndi dipuloma. Ndanena zimenezi kuti musaganize kuti zoterezi zimagwera osapita kusukulu okha.

Kwa zaka ziwiri ndinkapita kwa a Kochi Loweruka lililonse kukanyamula zitsulo. Kumeneko amagulitsa ufa wotchedwa amino, umene onyamula zitsulo amasungunula m'madzi kuti minofu ikule. Chitini chathunthu amati K95,000. Ndani pa Chiradzulu pano angatulutse ndalama imeneyo kugula ufa? Ndiye a Kochi amachita ngati ogulitsa shuga ndi mafuta ophikira pa okala. Amatapa ndi supuni ya tiyi, kuthira mu kapulasitiki, kumanga mfundo. Kamodzi K2,500. Palibe dzina, palibe tsiku lothera ntchito, palibe chilembo ngakhale chimodzi.

Felisita atamuletsa kuyamwa Takondwa, anayamba kuonda. Siketi ankaigwira ndi pini. Pamjigo amayi anayamba kusiya nkhani iye akafika, ndipo mukudziwa chimene anthu amaganiza mkazi wachitsikana akamaonda. Tinapita limodzi kukayezetsa kachilombo. Tonse sanatipeze nako. Tinabwerera tikuseka, n'kumati basi ndi kutopa kwa kudimba ndi kuyamwitsa.

Loweruka lotsatira ndinawatchulira a Kochi, mocheza chabe. Anaika chitsulo pansi.

"Ticha, alamu akungosowa nyama m'thupi. Kapaketi kamodzi patsiku. Milungu itatu, mudzabwera nokha kudzandithokoza."

Ndinafunsa ngati si bwino kuyamba ndapita nawo kuchipatala.

"Mukangotaya ya thiransipoti. Akakupatsani panado."

Ndinanyamula kapaketiko, kopepuka ngati nthenga. Ndinati kasupuni kamodzi aka kangatani m'thupi la munthu wamkulu?

"Tsabola wa kambuzi ndi wamng'ono, ticha. Koma tamulumani muone."

Anyamata a zitsulo anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndinagula timapaketi 21.

Milungu itatu itakwana, Felisita anali ataonderatu. Ludzu linamugwira loti chigubu cha malita asanu chinkatha dzuwa lisanapendeke. Kuchimbudzi ankapita kosawerengeka. Ndinabwerera kwa a Kochi ndi kuwafotokozera zonsezi. Anaomba m'manja.

"Ndiye yayamba kugwira ntchito imeneyo! Minofu ikamamera imamwa madzi ngati chimanga. Koma musadukize. Mukadukiza, zonse munagula zija mwataya."

Ndinagula tina 21.

Lachinayi lina, 2 koloko masana, ndinamupeza akusanza, akupuma mokoka ngati wathamanga mtunda. Tinamukweza pa njinga yamoto, iye pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asagwe. Mpaka kuchipatala, K6,000. Mtengo wa timapaketi tiwiri ndi chenji.

Anamubaya pachala. Mphindi imodzi siinathe. Matenda a shuga.

Adokotala anandifunsa kuti ludzu linayamba liti. Ndinati milungu itatu yapitayo. Sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, munali kuti masiku onsewa?"

Achipatala ndilibe nawo mawu. Anamuika madiripi, anamubaya jakisoni, anathamanga naye masiku awiri. Anamwalira Loweruka, 4 koloko madzulo.

Mu chikwama chake munatsala timapaketi titatu. Maliro atatha ndinatenga kamodzi kupita nako kwa a Makwinja, amene amaphunzitsa sayansi pasukulu pathu. Anakaika pa sikelo. Magalamu awiri. Anandiuza kuti dzira limodzi lili ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu asanu ndi limodzi. K2,500 kwathu kuno ndi mazira asanu ndi limodzi. Tsiku lililonse ndinkadutsa mayi wogulitsa mazira pamsika, n'kukasungunulira mkazi wanga magalamu awiri.

Kenako anadonthezapo ayodini. Ufawo unada bii.

"Muli sitachi umu," anatero a Makwinja. "Kaya ndi ufa wa chinangwa, kaya ndi zimene anasakaniza kufakitale, sindinganene ndisanaone chitini chake."

Zimenezi mwana wa Fomu 2 amaziyesa m'kalasi. Kalasi ya a Makwinja ndi yoyandikana ndi yanga.

Ndiye Lachiwiri lapitali ndinapita kwa a Kochi. Ndinafika 10:15 m'mawa. Sindinapite kukafuna ndalama zanga. Sindinapite kukamenyana. Ndinkafuna kuona chitini chimene ankatapamo, ndiwerenge zimene analembapo. Basi.

Anandiona ndikulowa. Anakweza chala kuti dikirani. Anali kuseri, akuwerengera bambo wina wamimba yaikulu amene ankanyamula chitsulo. Atatha, anayankha foni. Atatha foni, anadya nthochi ziwiri. Ndinaima pa kauntala mpaka 10:55.

"Ticha! Mwasowatu. Eee, koma mwatha thupi bwanji? Ndikupangirani mtengo wa pachibale, titatu K6,000."

Ndinati mayi a Tako anamwalira.

"Ndinamva, pepani. Zonse ndi Mulungu."

Ndinaika timapaketi tiwiri totsala pa kauntala. Ndinapempha chitini.

Anati chinatha kalekale, anataya.

Ndinaloza zitini za pa shelefu.

Anati izo ndi zosatsegula, sizigwidwa.

Ndinatambasula mkono n'kutsitsa chimodzi. Chopanda kanthu. Chachiwiri, chopanda kanthu. M'chachitatu munali misomali. Zitini zimene takhala tikuzisirira zaka ziwiri ndi zokongoletsera shopu. Nanga ufawo umachokera kuti?

Anati ali ndi munthu wawo ku Limbe. Dzina? Anati ndi chinsinsi cha bizinesi.

Ndinafunsa chifukwa chake anandiuza kuti ludzu ndi chizindikiro chabwino.

"Ine ndinanena zimenezo? Liti? Ine si dokotala, ticha."

Lero si dokotala. Tsiku limene ankandiletsa kupita kuchipatala anali ndani?

"Lisiti muli nalo?"

Lisiti! Pa shopu imene ilibe ngakhale cholembera.

"Komanso ndinakukakamizani? Munabwera ndi miyendo yanu. Inuyo ophunzira, simunawerenge musanawapatse alamu?"

Kuwerenga chiyani? Mfundo ya pulasitiki?

Funso limenelo ndimadzifunsa ndekha tsiku lililonse. Koma sindilola kuti lichokere pakamwa pawo.

Tili mkati molankhula, analowa mayi wina wachikulire, fumbi mpaka m'mawondo. Anamasula mfundo ya chitenje. Anati amuna awo akutsokomola mwezi wachiwiri tsopano, atsala mafupa okhaokha, ndipo anthu awauza kuti kuno kuli ufa wobwezeretsa thupi.

A Kochi anatsegula dirowa. Ine ndili pomwepo. Timapaketi ta mkazi wanga tili pa kauntala.

"Kamodzi patsiku, mayi. Milungu itatu, mudzabwera nokha kudzandithokoza."

Ndinatembenuka. Ndinati mayi, mangani ndalama zanuzo. Chipatala si icho apo, pitani nawo bambowo lero lomwe. Chenji mukagule mazira. Ufa uwu ine ndinamwetsa mkazi wanga, pano ali kumanda.

Sindinakweze mawu. Amene analipo anganene.

A Kochi anaimba likhweru. Kuseri kunatuluka amuna awiri amene ndakhala ndikugwirizirana nawo zitsulo Loweruka lililonse. Mmodzi anabwera ngakhale kumaliro. Ameneyo ndiye anandipotokola mkono kumbuyo mpaka phewa linalira. Winayo anandimenya chibakera pakhosi. Anandikankha pakhomo. Pali masitepe atatu a simenti. Ndinatsika ndi nkhope. Ndinamva dzino likuthyoka mkati mwa mutu, ngati mwala wa mu mpunga. Ndili pansi anandiponda m'nthiti kawiri.

Pakhomo pa shopuyo pali chitsulo cha makilo asanu chimene amatsekerezera chitseko. Dzanja langa linagwera pomwepo. Zala zinachigwira zokha. A Kochi anawerama pa ine, nkhope yawo pafupi ndi yanga, akununkha nthochi.

"Ukadzapondanso pano ndidzakuthyola msana, wamva? Mkazi wako unapha wekha."

Ndinaona pomenya. Pamwamba pa khutu lakumanzere, pamene tsitsi linayamba kuthothoka. Zaka ziwiri anandiphunzitsa okha kukweza chitsulo chimenecho mwachangu. Kamodzi kokha kakanakwana. Mpaka lero ndikatseka maso ndimapaona pamalopo.

Ndinachisiya. Takondwa ali ndi zaka ziwiri, ndipo wakwirira kale kholo limodzi.

Nditadzuka, mayi aja kunalibe. Sindikudziwa ngati anagula.

Kupolisi anandipatsa kalata. Mlomo anandisoka kuchipatala, ndinalowera khomo lomwe lija ndinalowera nditanyamula Felisita.

Anyamata a zitsulo, ambiri mwa inu mumandidziwa, ndipo ena mwandifunsa kumbali ngati timapaketi timeneti timathandiza munthu wabwinobwino. Ndikuyankhani pagulu. Inenso ndinkagulako mwezi ukatha. Mkono wanga unkakula miyezi imene ndinkadya nyemba, nandolo, usipa ndi mazira n'kumagona mokwanira. Miyezi ya kapaketi sindinaone kusiyana kulikonse. Ngakhale ufawo utakhala weniweni wosasakaniza, magalamu awiri sangafike pa dzira limodzi. Mukulipira mazira asanu ndi limodzi kuti mulandire zosakwana theka la dzira. Ndalama ndi zanu. Koma mukamva munthu akuuza wodwala kuti ufa umenewu ndi mankhwala, musaseke ngati mmene ndinasekera ine.

A Kochi, ndikudziwa kuti muwerenga. Mu timapaketi mumaikamo chiyani? Munthu wa ku Limbe ndi ndani? Ndi odwala angati mwawauza kuti adikire milungu itatu? Mayi aja munawagulitsa ufawo?

Ndipo inu amene ntchito yanu ndi kuyendera mashopu, ufa wopanda dzina ukugulitsidwa kwa odwala, chipatala chikuoneka poteropo. Mukudikira maliro angati? Timapaketi tiwiri anatilanda tsiku lija. Kachitatu kali kwa a Makwinja. Bwerani mukatenge, mukakayeze.

Amene mukuwadziwa mayi aja, anavala chitenje chobiriwira cha mpingo, ndipo ananena kuti achokera cha ku Namitambo. Apezeni. Auzeni kuti chifuwa cha miyezi iwiri amayeza ulere.

Loweruka likubwerali akundisudzula ku Ndunde. Ndinali mkamwini, ndiye nyumba itsala, ndipo ndilibe nazo mawu. Mwa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi. Koma ndinapempha amalume ake a Felisita kuti Takondwa ndizikhala naye ine, ndipo apongozi anga anaonetsa kuti alola. Amauza aliyense kuti mkamwini wawo anayesetsa, anathamanga ndi mwana wawo mpaka mapeto.

Za ufa sakudziwa. Tinkasungunulira kuchipinda, mu kapu yanga ya kuntchito, chifukwa Felisita ankachita manyazi kuti anthu aziti akumwa mankhwala onenepetsa. Ku Ndunde mafoni aliko. Loweruka lisanafike wina awawerengera apongozi zonsezi, mzere ndi mzere. Ndikudziwa chimene chingatsatire. Ndakhala masiku atatu nditalemba osatumiza. Koma kwinakwake kuli bambo akutsokomola, ndipo mwina akazi awo akuwasungunulira kapaketi pa nthawi ino.

Felisita akanandiletsa kutumiza izi. Lachisanu lija kuchipatala, masana, anatsitsimuka pang'ono. Amayi ake anali atatuluka kukachapa zitenje. Anayang'ana kukhomo kaye, kenako anandikoka malaya kuti ndiwerame.

"Bambo a Tako, za ufa uja musadzawauze amayi. Adzakulandani mwana."