Ndinalambalala Manda ndi Dironi, Mkulu Anagona Panja

Inu owerenga, ndinanamapo bodza la mawu atatu okha, koma linatsala pang'ono kupha nkhalamba ya eni ake. Ndikulemba izi mtima uli m'malo chifukwa mkuluyo ali moyo mpaka lero, ngakhale manyazi sanandichoke.

Ndimakhala ku Balaka, ndipo ntchito yanga ndi youlutsa dironi, kandege kopanda munthu kaja. Yathuyi ili ndi kamera yoona kutentha. Munthu kapena mbuzi zimaoneka zoyera pa sikirini, pomwe nthaka yozizira imaoneka yakuda. Masiku ambiri timayendera nayo nthambo za magetsi kufufuza pamene patentha mopitirira, koma munthu akasowa amatiitananso. Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo kunena zoona inandipatsa kamatama.

Tsiku lina m'nyengo yozizira anatiitana kudera la Kawinga, ku Machinga. Bambo Namakhwa, mkulu amene anali atayamba kuiwalaiwala, anachoka pakhomo m'mawa osabwerera. Mwana wawo, mayi Esinati, anali atazungulira kumsika ndi kudimba mpaka mapazi kutupa. Ndinafika dzuwa litapendeka n'kuyamba kuulutsa. Ndinaona mbuzi, agalu, amayi a pamjigo, ngakhale uvuni wa njerwa umene unali usanapole, koma mkuluyo ayi.

Kum'mawa kwa mudziwo kunali kankhalango ka manda, ndipo apa ndi pomwe ndinapusa. Anthu ena anali atayamba kale kunong'onezana kuti kandege koona munthu ali m'tchire n'kaufiti basi. Ndinkadziwanso kuti kumanda sulowa wekha eni mudzi asanakuloleze. Ndinaganiza kuti ndikakaulutsa pamwamba pa makolo awo andiswera chipangizo cha abwana, mwinanso ndi mutu wanga womwe. Chofunika chinali kungopempha. Koma ine munthu wa m'tauni, wovala chijekete chowala, ndinaona ngati kupempha n'kudzitsitsa. Ndinangokhotetsa dironi n'kulambalala.

Ndikulongedza katundu, mayi Esinati anandiyandikira n'kunjuta mwaulemu.

"Achimwene, nanga kumandako mwaonako? Ababa masiku ano akumatchula kwambiri malemu amayi."

"Taona paliponse, mayi," ndinatero.

Anandikhulupirira, poti kwa iwo makina sanama. Anauza abale kuti kumanda asavutike nako, ndipo gulu lonse linalowera kumtsinje.

Kutacha ndinadzuka zala zitachita dzanzi, chonsecho ndinafunda mabulangete awiri kunyumba imene anandipatsa malo. Ndinaganiza za munthu wa msinkhu umenewo ali panja ndi malaya okha, mtima unandipweteka. Ndinapita kwa mayi Esinati n'kuulula kuti kumanda sindinafikeko. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, mwinanso zikanandipepukira. Iwo anangondiyang'ana, maso atatupa ndi kulira.

"Mukanangonena, achimwene. Kupempha inali ntchito yathu, osati yanu iyayi."

Anathamangira kwa mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja. Iyeyo sanachedwe n'komwe kuvomera. Anangoti ogona kumeneko phokoso la kandege silingawadzutse, bola tipeze wamoyo.

Batire loyamba lisanathe, ndinaona kanthu koyera mozilala pakati pa mitengo imene inali itayoyola masamba. Adzukulu analowa, ine ndikuwalozera njira. Anawapeza bambo Namakhwa atadzipinda pambali pa manda a akazi awo, ozizira ngati mwala wa pamtsinje, koma akupuma. Udzu wonse wa pamandapo anali atauzula ndi manja. Anawatengera kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo patapita masiku angapo anatuluka akuyenda okha.

Lero ndikakhala ndi ntchito ku Machinga ndimapatukira pakhomopo. Mkuluyo sakumbukira chilichonse, amangonditchula kuti wa kambalame n'kundifunsa ngati kamaikira mazira. Mayi Esinati amandipakirira chinangwa, koma kunditonza sasiya. Akandiona amafunsa ngati lero ndaona paliponse, ndiye timaseka tonse, ngakhale ine ndimaseka ndikuyang'ana pansi.

Inu owerenga, makamaka anzanga ogwira ntchito ndi zipangizo zimene anthu amazikhulupirira, musabise mantha anu kuseri kwa makina. Mwambo wa eni dera ukakuimitsani, funsani, ali ndi njira yawo yotsegulira. Ine masiku ano ndikatsitsa dironi, ndisananene zimene ndaona, ndimayamba ndauza abale kumene sindinafike.