Mboni za Ignasio Alufandika

Ignasio Alufandika ankamwa tiyi wopanda shuga, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezi. Anabadwira ku Marka, makolo ake atangowoloka kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo anakulira nyika zokumba m'madambo ndi chinangwa chowawa. Atakula anapeza ntchito pageti la kampani ya nzimbe kuno ku Chikwawa, yosecha ife antchito tikamaweruka. Anaima pamenepo zaka khumi ndi zinayi, yunifolomu yosita, kadi ya chipani m'thumba la pamtima, nkhope ngati wangotafuna kwinini.

Alonda ena ankasecha ndi manja. Ignasio ankasecha ndi nyerere. Pambali pa geti panali una wa tinyerere takuda tija, ndipo iye akakukayikira ankatenga chipewa chako, kaya thumba, kaya nsapato, n'kuika pafupi ndi unawo. Akatero ankapinda manja.

"Tidikire mboni zanga," ankatero. "Nyerere sizinama, sizidya chiphuphu, zilibe mlamu."

Anthu oposa makumi atatu anachotsedwa ntchito ndi mboni zimenezi. Mmodzi wa iwo ndine, Paulo, amene ndikulemba izi. Mu 1979 ndinathira shuga m'pampu ya njinga, wongokwana tiyi wa mlungu umodzi. Nzeru imeneyo ndinaiganizira miyezi iwiri, koma mbonizo zinaitulukira ndisanamalize kukanda kumutu. Ndinachonderera, ndinatchula ana, ndinatchulanso kuti timapemphera tchalitchi chimodzi. Iye anangokana m'chilankhulo chakwawo, "Nkhabe, shamwali," n'kupita nayo pampu ija kuofesi. Kuchokera tsiku limenelo ndinkamata matayala a njinga pansi pa mtondo, moyang'anana ndi geti lomwelo. Choncho zonse zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso angawa, ndipo zina ndinathandizira.

Mu 1983 Ignasio anayamba kuwonda. Lamba anabowola kawiri. Madzi ankamwa ngati ng'ombe yochokera kudibi, chigubu chatha, china chatha, ndipo kanthawi pang'ono ali kuseri kwa mpanda kukataya madzi. Tsiku lina masana ndinapita kuseri komweko, nanenso ndine munthu. Pamene iye anali atangochokapo panali bii, nyerere zokhazokha, mzere wake kuchokera kuuna uja mpaka pamenepo.

Munthu wabwino akanafotsera ndi phazi. Ine ndinadikira belu loweruka.

"Abale, bwerani mudzaone mboni zikuchitira umboni bwana wawo," ndinatero.

Anthu anaunjikana. Wina anati katundu uja ankatuluka pageti ali m'mimba, n'chifukwa chake sankapezeka. Wina anati timupatse chidebe, tizikaphikira thobwa. Ine ndinangomupatsa dzina, Fakitale, ndipo linamukakamira ngati chitedze. Ignasio anabwera, anayang'ana pansi nthawi yaitali. Anabwerera pageti, koma tsiku limenelo sanaseche munthu.

Mwezi wotsatira kunabwera dokotala wachizungu kuchokera ku Blantyre, mayi wamtali wopsa ndi dzuwa lathu lino. Ankachita kafukufuku. Funso lake linali lakuti, kwawo matenda a shuga amakonda anthu onenepa, nanga bwanji kuno akugwira anthu owonda ngati bango, amene shuga amamuonera pa Khirisimasi? Ankakayikira njala ya paubwana, ankakayikiranso chinangwa chowawa, koma ankavomera yekha kuti sanatsimikize. Antchito onse anapatsidwa timabotolo. Mkodzo ankausakaniza ndi madzi a buluu m'kagalasi, n'kuwiritsa pakamoto. Ukakhala wa buluu, uli bwino. Wa Ignasio unafiira ngati njerwa yowotcha.

Ine sindinali wantchito, koma pawindo la chipatala salipiritsa. Tinalipo ambiri. Dokotala uja anafunsa kudzera mwa Elias, wothandiza pachipatalapo, ngati Ignasio anagonapo ndi njala ali mwana, ndiponso ngati makolo ake ankaviika chinangwa masiku okwanira. Kenako anafotokoza bwinobwino kuti chakudya chilichonse, kaya mapira kaya mbatata, chimasanduka shuga m'thupi, ndipo kapamba akafooka shugayo amangosefukira m'magazi mpaka mumkodzo. Anati munthu angadwale chonchi asanalawepo supuni imodzi. Elias anamasulira zonse, sindimunamizira. Koma pawindo panatuluka mawu awiri okha: shuga wambiri.

Kapitawo wa alonda anali Shadreck, amene mlamu wake anagwidwapo ndi nyerere zomwe zija. Anatenga pepala la chipatala n'kuliwerenga mokweza pageti, chala chili pa mawu amodzi amene ankawadziwa.

"A Alufandika, sindikunena kuti mwaba. Pepalali ndi limene likuti muli ndi shuga. Kodi munamugula sitolo iti?"

"Ine sindinanyambitepo ngakhale thumba lopanda kanthu."

"Ndiye ndi wakumunda kwanu? Pageti sitingaike munthu wotuluka ndi shuga tsiku ndi tsiku."

Anamuvula yunifolomu Lachisanu la mlungu womwewo. M'buku analemba kuti wapuma chifukwa chodwala, koma msika wonse unkadziwa buku lina.

Dokotala uja sanali woipa. Anamupatsa timabotolo ta insulini ndi majakisoni, anaphunzitsa mkazi wake Imelda kubaya, n'kumuuza kuti poti kuno kumatentha ndipo filiji kulibe, mankhwalawo azikhala mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa. Imelda anachita zonse. Mchenga ankakatapa ku Shire, madzi ankathirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba. Koma mwini wake anakana kubayidwa. Pakadi la chipatala panalembedwa mawu aja, ndipo iye anati kulandira jakisoniyo ndi kusainira kuti Shadreck ananena zoona.

Patapita miyezi itatu Imelda anabwera pansi pa mtondo. Sanandipatse moni.

"A Paulo, mudayambitsa ndinu. Tiyeni mukawauze amuna anga, bambo a Luisa, kuti munkangoseka. Minga inawabaya kuphazi, bala silikupola. Akukana jakisoni chifukwa cha pakamwa panu."

Ndinapita. Ndisaname, theka la ine linkapita kukaona mmene Fakitale yagwera. Ndinamupeza pakhonde, wangotsala mafupa ndi maso, phazi lili m'nsanza. Kuzungulira mphasa Imelda anali atawaza phulusa, koma mboni zina zinali zitapeza polowera, zikukwera nsanzayo.

"Wabwera kudzandisecha, Paulo?"

"Ndabwera kudzaona ngati fakitale ikulembabe ntchito."

Imelda anandiyang'ana, ndipo ndinakumbukira chimene ndinadzera. Ndinakhala pansi. Ndinati zija zinali nthabwala, palibe amene amakhulupirira kuti anaba, ngakhale Shadreck. Ndinabwereza za kapamba monga ndinazimvera pawindo, mwina ndinasokonezako pena, sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Ndinati abayitse, achire, adzatigwirenso.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako analoza phazi lake.

"Izi zinanama pa pampu yako?"

"Sizinaname."

"Pa mlamu wa Shadreck?"

"Sizinaname."

"Ndiye ziyambire pa ine kunama?"

"Sizikunama, shamwali. Shuga alimo, koma ndi wako, si wakampani."

"Ukadakhala iwe pageti, munthu n'kukuuza kuti shugayu ndi wanga, wamera yekha m'thumba, ukadamusiya?"

Apa ndinayenera kunena kuti inde. Ndi mawu afupi, ngakhale mwana amawatha. Koma ndinakumbukira pampu yanga, ndinakumbukira chaka chimene ana anga anasiya sukulu, ndipo pakamwa panayankha pokha.

"Iwe unandisiya?"

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chigamulo chimene ankachiyembekezera. Anauza Imelda kuti achotse mtsuko uja m'nyumba mwake. Imelda anagwada, anamutchulira maina onse a ana, anatchula Mariya Woyera. Iye anangoti, "Ndakhonda, ndakana," n'kutembenukira kukhoma.

Anakhala milungu isanu. Phazi linada mpaka m'bondo. Atakomoka anamunyamula pangolo kupita kuchipatala, kumene anamubaya jakisoni uja iye osadziwa, koma zinali zitachedwa. Kalata ya dokotala wa kafukufuku yomuitana kuti akamuyezenso inafika maliro ali m'nyumba. Inkamutchula kuti nambala 47. Kaya mayi uja anapeza yankho la chinangwa chake, ine sindinamve.

Kumaliro kunabwera anthu ambiri, ndipo ochuluka anali amene iye anawachotsetsa ntchito. Shadreck analankhula m'malo mwa alonda, anati kampani yataya munthu wokhulupirika. Anabweretsanso chipepeso, mapaketi anayi a shuga. Kumbuyo kuja wina anatsokomola, ena tinayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka ndi chiseko.

M'mawa mwake, titaika maliro, azimayi anaphika tiyi. Imelda anakana kukhala m'nyumba monga namfedwa, anatuluka ndi mbale ya shuga uja n'kumathirira yekha aliyense, masupuni awiri awiri. Anathirira Elias, anathirira Shadreck, anathirira mlamu wa Shadreck. Atafika pa ine ndinatambasula kapu. Anaiyang'ana, n'kupukuta supuni pachitenje.

"Inu a Paulo wanu munamwa kale," anatero, n'kupitirira kwa wotsatira.

Ndinamwa choncho. Tiyi wopanda shuga ndi woipa, sindidziwa kuti munthu uja ankamutha bwanji zaka zonsezo.