Ndidapempha Basera pa Pasadera

Khasu langa ndi pakamwa. Ena amalima kachewere ku Ntengo-Wambalame, kudzuka chisanu chili mbuu, kupalira, kupopera mankhwala. Ine ndimafika zonse zitatha, n'kutola mbatata imodzi, kuitembenuza m'manja ngati ndaona chilonda, n'kupukusa mutu. Kupukusa mutu kokhako kwandilerera ana. Ndikagula m'midzi ndimakagulitsa kumsewu wa phula, pomwe malole opita ku Tete amaima, ndipo kumeneko mbatata yomwe ndinkainyoza dzulo imasanduka yokoma kuposa zonse za m'boma la Tsangano.

Kwa zaka zambiri matumba anga ankayenda pangolo kapena pa galimoto za eni. Chaka chomwe ndikunenachi chisanafike, alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, adagulitsa bwino fodya kwawo ku Chidzolomondo n'kugula karinya yakale, galimoto zija zokhala ndi bwalo la katundu kumbuyo. Fodya atatha inkangokhala pansi pa mtengo, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ndidawanyengerera mpaka adatopa nane. Pondipatsa makiyi adanena chinthu chimodzi chokha.

"Alamu, mukaiphwanya tikonza. Mafuta akatha muthira. Koma livireti, pepala la galimotoyi, likadzangogona kupolisi, makiyi abwerere kuno. Ndipo musadzatume mlongo wanga kudzandilirira."

Ndidawaseka. Ndidati, "Alamu, mukulankhula ndi munthu wodziwa boma."

Kudziwa bomako kunali kotere. Ndili mnyamata ndidakhalako woitanira anthu pa shapa ku Tete, ndipo pakhomo la minibasi ndidaphunzirapo lamulo limodzi lomwe ndinkaliyesa lokwanira moyo wonse: usamaope aliyense wokukalipira pamsewu, yang'ana malaya. Wa malaya oyera ndi chipewa choyera, amene timati wa tiranzitu, ndiye wokhala ndi buku la multa, chindapusa cha pamsewu, ndiye angakulipiritse. Apolisi a kamara, khonsolo ya mzinda, ali ndi mphamvu m'matauni mwawo mokha, kwathu kuno kulibe. Ena onse ndi phokoso. Lamuloli ndinkaliphunzitsa ulere m'mabala ndi pamaliro, ndipo palibe amene adanditsutsapo, chifukwa omvera anga ambiri anali a njinga.

Pamalo pomwe ndinkagulitsira, msika uli tsidya lino la msewu, shikola ya ana ili tsidya lija. Chaka chimenecho adabwera anthu ndi zitini za penti n'kujambula mizere yoyera yodutsa msewu, kuchokera pachipata cha shikola kufika pakhomo la msika. Pasadera. Tsiku la msika m'mbali monse mwa msewu mumadzaza: malole, ngolo, njinga zamoto, amayi a kabichi. Koma pamizere paja anthu ankapalambalala ngati pamanda. Ine nditafika m'mawa wina wa mwezi wa Juni, matumba ali tho, ndidaona malo abwino kuposa onse, pakhomo penipeni pa msika, opanda munthu, osesedwa, opakidwa ndi penti. Mtima wa malonda sukana zaulere. Ndidaimika karinya pomwepo, matayala pamizere, n'kutsitsa chitseko chakumbuyo.

Woyamba kubwera adali mlonda wa pashikola, mdala wa kherere m'khosi. Adaliza kherere lake pafupi ndi khutu langa.

"Madala," ndidatero, "mpira wayamba?"

"Chotsani galimoto. Apa ndi podutsa ana."

"Muli ndi buku la multa?"

"Ndili ndi kherere."

"Ndiye lizani, mwina ogula abwera."

Wodula matikiti a pamsika sindidavutike naye. Ndidamuuza kuti mphamvu yake imathera pamene pathera fumbi, pa phula ndi pa boma lina. Adaganiza pang'ono, n'kuona kuti mwina ndi zoona, n'kudula tikiti yake basi.

Chisanu cha m'mawa umenewo chinali cholowa m'mano. Aliyense adavala zonse zomwe ali nazo, ena bulangeti pamwamba. Pakati pa anthu ofunda choncho padatulukira bambo wina wamfupi, wovala chikazako chakuda chofika m'mawondo, mabatani otseka mpaka pakhosi, chipewa choluka chitaphimba makutu, kachikwama kapulasitiki kukhwapa. Ankatafuna chimanga chootcha. Ndidamuyesa mphunzitsi watsopano, kapena wa zaumoyo, anthu olandira pamwezi osadziwa mitengo. Ndidamukonda pomwepo.

"Ndowa mukuchita bwanji, patarawu?" adafunsa, akunditcha bwana.

Ndidatchula mtengo wa alendo. Sadadzidzimuke. Adatola mbatata imodzi, n'kuitembenuza m'manja, n'kupukusa mutu. Pamenepo ndikadayenera kuchenjera, chifukwa kapukusidwe kake kanali ka munthu wozolowera kumva mabodza. Tidakokanakokana mpaka tidagwirizana pamtengo womwe udandisiyira phindu labwino ndithu.

"Nanga basera?" adatero.

Basera ndi kaja kowonjezera komwe wogulitsa amaponya pamwamba, malonda atatha, kuti wogula adzabwerenso. Ndidafufuza pansi pa thumba n'kupeza tiwiri tating'ono, kamodzi kobiriwira mbali.

"Nkhuku zanga zikuthokozani," adatero, akuika m'thumba. Kenaka adayang'ana pansi. "Koma simukuopa kuima pamizerepa?"

Akadafunsa china chilichonse. Ndidakhala pachitseko cha karinya, n'kupinda miyendo, n'kuyamba phunziro.

"Achimwene, mukuoneka mlendo, ndiye ndikuthandizeni. Kuno aliyense amafuna kukhala boma. Mdala uyo ali ndi kherere. Uyo ali ndi matikiti. Mawa abwera apolisi a m'mudzi ndi ndodo zawo. Onsewo sangalembe kanthu. Wolemba multa ndi mmodzi, wa malaya oyera."

"Chabwino. Nanga iyeyo akabwera?"

"Kuzizira kuno? Amenewo amatuluka dzuwa likafika apo. Ndipo malaya oyera amaonekera patali ngati kakowa. Akamatsika galimoto ine ndili kuseri kwa chigayo."

"Muli ndi nzeru," adatero.

"Si nzeru, n'kuyenda."

Tili mkati mocheza, aphunzitsi ena aakazi adafika ndi gulu la tiana tochokera mbali ya msika. Pamizere panali ine, ndiye adatizungulitsa kutsogolo kwa karinya, iwo n'kutsogola kulowa mumsewu, dzanja m'mwamba, chifukwa woyendetsa lole yomwe inkatsika sakadationa tianato kuseri kwa matumba anga. Lole idalira mabuleki n'kuima. Ndidaziona zonsezo, ndipo chomwe ndidaganiza n'chakuti mwina woyendetsayo agula ndowa.

Mlendo uja adaziona naye. Adamaliza chimanga chake, n'kuponya chitsononkho mungalande. Dzuwa linali litayamba kufunda. Adamasula batani lapakhosi. Ine ndikulankhulabe, ndikufotokoza za apolisi a kamara. Adamasula lotsatira. Ndidaona kolala yoyera, n'kuganiza kuti ndi wa mpingo. Pofika pamimba mawu anga adayamba kuchepa okha, ngati wailesi yotha mabatire. Adavula chipewa choluka, n'kutulutsa choyera m'kachikwama kaja, n'kuchikonza bwinobwino pagalasi la karinya ya alamu.

"Kakowa wafika," adatero. "Karita yoyendetsera ndi livireti."

Msika wonse udapeza chochita pafupi ndi galimoto yanga. Mdala wa kherere adabwera kudzaima kutsogolo, manja kumbuyo, ngati mwini maliro.

Ndidatsika pachitseko paja. "Shefi, mwadzuka bwanji?"

"Tadzutsana kale, patarawu. Ndinali achimwene."

"Zija zinali zocheza."

"Zinali zoona zambiri. Mwangophonya pang'ono. Madalawa salemba, inde. Koma akhala akutiimbira foni masabata angapo kuti pamsewu wa pashikola pano pakuvuta, ndiye ndabwera. Wopanda buku amadziwa komwe kuli buku."

Adatsegula buku lake pa boneti n'kuyamba kulemba. Apa m'pamene ndidadzuka, chifukwa pepala lisanathe kulembedwa malonda amakhala asanathe. Ndidayamba ndi ana anga, n'kuwachulukitsa pang'ono. Ndidati mizereyo ndi yatsopano, sinazolowereke. Ndidati matayala akumbuyo okha ndiwo ali pamzere, ndiye tigawane pakati. Ndidayesa ngakhale kuchoka pang'onopang'ono ngati wogula wonyanyala, kuti andiitane, koma ndidakumbukira kuti galimoto ndi mapepala zili kwa iye, n'kubwerera ndekha.

"Mtengo uwu sindidauike ndine," adatero osadzutsa mutu. "Mukakalipira kuofesi akakupatsani risiti. Karita yanu nayi. Chotsani galimoto, nkhani yatha."

Nkhani inali itathadi. Livireti linali pa boneti, dzanja lake likulikankhira kwa ine. Multa ndikadailipira mwakachetechete, alamu osamva kanthu. Chomwe chinkafunika n'kutseka pakamwa ndi kutambasula dzanja.

Koma pakamwa panga sipadazolowere kuchoka pamalonda popanda mawu omaliza. Ndinkafuna kunena kuti andichotsereko pang'ono. Mawu ake ndimawadziwa, ndimawamva tsiku lililonse. Chomwe chidatuluka n'china.

"Ndiye shefi, popanda ndi basera yemwe?"

Mayi wina wa kabichi adaseka mpaka kukhala pansi. Mwana aliyense pamsika amadziwa kuti kuchotsera n'kwina, basera n'kwina. Basera sachepetsa, amawonjezera. Ine, munthu wodya za pakamwa, ndidasokoneza mawu awiri okhawo omwe ntchito yanga yonse idatsamirapo.

Dzanja lija lidabwerera nalo livireti.

"Basera alipo," adatero. "Inu mudandipatsa tiwiri. Sindingakumaneni."

Adazungulira karinya mosafulumira. Adafunsa matiriyangulu, tizikwangwani tofiira toika pamsewu galimoto ikafa. Ndidafufuza kuseri kwa mpando n'kupeza chingwe, jeke ndi nthenga za nkhuku. Adafunsa kolete, kamalaya kowala kaja. Ndidakumbukira kuti ndidakaona ku Chidzolomondo katavalidwa ndi wolisha ng'ombe za alamu. Kenaka adawerama pagalasi lakutsogolo n'kuwerenga kapepala ka seguru, inshuwalansi ya galimoto, nthawi yaitali, ngati kalata yochokera kutali.

"Aka kadatha mvula isanagwe," adatero. "Livireti ligona kwathu. Mwini wake abwere ndi seguru yatsopano adzalitenge."

Ndidasuntha galimoto mdala wa kherere akundilondolera, kherere lili pakamwa, ngakhale kumbuyo kunalibe chilichonse choti ndingagunde.

Alamu ndidawaimbira madzulo, nditayeserera mawu njira yonse. Adamvetsera osandidula, n'kungoti abwera. Adafika patapita masiku, panjinga yamoto yolipira, fumbi mpaka m'nsidze. Tidakhala pakhonde, mlongo wawo ali pakhomo la khitchini, akusankha nyemba zosankhidwa kale.

Mlandu wanga ndinali nditaukonza bwino. "Alamu, tikaunguza bwino, za mizere zidatha ndi multa. Chidagoneka livireti ndi seguru. Ndipo seguru, mwaulemu, si ine."

"Zoona," adatero. "Seguru idatha kalekale. Ndayenda nayo fodya yense, kudutsa apolisi kangapo, palibe adawerama pagalasi. Mukudziwa chifukwa chake?"

"Mwayi."

"Sindidapemphe basera."

Nkhani inali itafika ku Chidzolomondo ine ndisanaimbe n'komwe. Idapita ndi woyendetsa lole uja.

Ndidayesa kutsitsa chilango. Ndidati anditengere makiyi mwezi umodzi. Ndidati ndilipira theka la seguru, kenaka ndidati yonse. Adalandira za seguruzo mokondwa, n'kutambasulabe dzanja. Ndidayang'ana kukhitchini. Mayi a kunyumba adakweza lichero kumaso.

Alamu si munthu woipa. Adati kachewere wa mlongo wawo sangaolere m'matumba chifukwa cha pakamwa pa mwamuna wake. Atakatenga livireti kupolisi, karinya idatsala kwathu, koma makiyi adawapereka kwa mwamuna wa mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, mkulu wa kwaya, munthu amene chibadwire sadatsutsepo mtengo wa chinthu. Iyeyo ndiye amandiyendetsa tsiku la msika, ine pambali ngati katundu wolankhula. Alamu adamuuza kuti asadzaime pafupi ndi mizere, ndipo iye adamva kuti asadzaione n'komwe. Amaimika kuseri kwa chigayo, komwe ngakhale fungo la msika silifika.

"Abale, tasenderani pang'ono," ndimamupempha. "Pafupi ndi mabotolo a petulo paja si mlandu."

"Alamu adati kutali."

"Kutali kumakambidwa. Tigawane pakati."

Amazimitsa injini, n'kuika makiyi m'thumba la malaya, n'kutsegula buku la nyimbo. Ine ndimatsika, n'kupinda chitenje cha mayi paphewa, n'kuwerama kuti andisenzetse thumba loyamba.