Kadontho Kofiira ka Obed

Pa Malomo, wayilesi ikasiya kuyankhula amapita nayo kwa Obed. Kashopu kake kali kuseri kwa chigayo, ndipo pa zaka makumi awiri zimene wakhala pamenepo wachoka pa timawayilesi ta mabatire n'kufika pa zoimbira za m'maminibasi. Ndi munthu wosachedwa kukana. Madalaivala amam'nena kuti ndi wouma mutu, koma mawa lake amabweranso.

Chimene amakanganirana nawo ndi manambala. Dalaivala amabwera atakumbatira sabuwufa, sipika yaikulu ija yogunda pachifuwa, n'kuloza pa katoni pamene alemba mawatsi 1,200 m'zilembo zonenepa. Obed sayang'anako n'komwe. Amaitembenuza n'kufufuza kanambala kakang'ono kuseri kwa maginito.

"Chikomekome cha mkuyu ichi," amatero. "Nambala yaikuluyo ndi mphamvu imene ingapirire kwa kamphindi. Yaing'onoyi ndiyo ingasenze kuchoka pano mpaka ku Kasakula. Ampulifaya ikamakankha zoposa pamenepa, koyilo ya m'katimu imapsa."

Akatha kulumikiza mawaya, amapotokola kabatani ka mphamvu pa ampulifaya kufikira pamene sipika ikuimba mosabanika, n'kudonthezapo utoto wofiira wa m'zikhadabo, umene amabera mkazi wake Lidia. Kadontho kameneko ndi lumbiro lake. Aliyense amadziwa kuti kabatani kakaima pamenepo, sipika ili pabwino.

Mnzake wa ponda apa nane m'pondepo ndi Yakubu, dalaivala wa minibasi. Anaphunzira limodzi ku pulayimale. Wina amapita ku tchalitchi, wina ku mzikiti, ndipo zimenezo sizinawasowetsepo nkhani. M'mawa uliwonse Yakubu akamadutsa pa chigayo ankaliza hutala kawiri, Obed n'kukweza sikuludiraiva m'mwamba.

Chaka chatha, Yakubu anabwera ndi sabuwufa itakulungidwa m'bulangete. Inali ya mng'ono wake Amini, amene anamwalirira ku Joni. Katundu yense wa malemuyo anathera komweko. Chimene chinafika kumudzi ndi sipika yokhayo. Tsopano mlongo wawo Ruksana ankakwatiwa Loweruka.

"Achimwene, ndikufuna Amini amveke pa ukwati wa mlongo wake," anatero Yakubu.

Obed anaitembenuza. Kanambala kankati 300, pamene ampulifaya ya m'minibasiyo inkatha kukankha 800. "Zitheka, bola kabatani kakhale pansi," anayankha.

Tsoka lake, pakhomo panali Alexio, wokonza zoimbira wa ku Mponela, amene anabwera kudzakonzekeretsa galimoto ya mkwati. Obed atailumikiza sipikayo m'minibasi, Yakubu n'kupita wapansi kukagula mafuta, Alexio anamvetsera pang'ono n'kuseka. "A Obed, izi ndi zoimbira kapena mukunong'oneza wodwala? Kwathu ng'oma yotereyi imagwedeza malata."

Madalaivala amene anali pamenepo anafa nalo phwete. Obed, bambo wa imvi kale, mkulu wa mpingo, mtima unamuwawa ngati kamwana. Anagwira kabatani n'kukapotokola. Magalasi a minibasi anayamba kunjenjemera, osekawo anaomba m'manja. Khutu lake linamva bwino lomwe kuti ng'oma yayamba kusasa mawu. Anamva, anadziwa, koma anatsegula kabotolo ka Lidia n'kudontheza pomwepo.

Loweruka, mdipiti wa ukwati uli pa chitunda cha kutuluka pa Malomo, m'minibasi ya Yakubu munamveka fungo la waya wopsa. Sipika inatsokomola kawiri, basi zii. Amayi a m'mbuyo anapitiriza ndi nthungululu, koma Ruksana analira.

Lolemba Yakubu anabwera nayo m'bulangete lomwe lija, naisiya pa kashopu ka Obed. "Kadontho kanu ndakaona, kali m'malo mwake," anatero. "Wolakwa ndine. Chimwemwe chinandipitirira, ndinakweza wayilesi kwambiri. Ndamutseka pakamwa mng'ono wanga ndi dzanja langa lomwe."

Apa m'pamene Obed akanayankhula. Anangoti, "Zimachitika, achimwene."

Mawu awiri amenewo anamudya miyezi isanu ndi itatu. Minibasi ya Yakubu inkayenda yopanda nyimbo, okwera akadandaula iye ankangoti wayilesi ili pa maliro. Hutala inkalirabe kawiri m'mawa uliwonse, ndipo sikuludiraiva inkamulemera Obed poikweza. Chopweteka kwambiri n'choti Yakubu ankamutumizira makasitomala. "Pitani kwa Obed," ankawauza, "kadontho kake sikanama." Pa mgonero wa Ambuye Obed analola chikho chimudutse kawiri konse. Lidia atafunsa, anamuuza zonse. Mayiyo sanamukalipire. Anangotenga kabotolo kake n'kukabisa.

Mlandu suwola. Obed anaitanitsa waya ku Lilongwe, nakhala masabata atatu akukulunga koyilo yatsopano ndi manja, mzere ndi mzere, chifukwa ankafuna kuti sipika ikhale yomweyo ya Amini. Itayamba kuimba, anamuimika Yakubu masana ena pa siteji, naiyika m'malo mwake. Kenako anapala kadontho kakale ndi mpeni, Yakubu akuona, n'kubweza kabatani m'mbuyo kwambiri.

"Malo ake enieni ndi awa," anatero. "Tsiku lija ndinapitiriza dala. Alexio anandiseka, ndipo ndinafuna kudzionetsa. Ngakhale mukanakweza pang'ono chabe, ikanapsabe. Inu simunalakwe. Ndine."

Yakubu anayang'ana pamene panali kadontho. Sanakweze mawu.

"Miyezi isanu ndi itatu," anatero, "pa swala iliyonse ndakhala ndikupempha chikhululukiro pa mlandu wanu. Ndipo inu mumandikwezera sikuludiraiva."

Anatseka chitseko cha kumbuyo n'kukwera. Obed anabwerera ku kashopu kake wapansi. Mtima unali utapepukako, koma manyazi anali pomwepo.

M'mawa mwake anakhala pakhomo nthawi isanakwane, sikuludiraiva ili m'manja. Anaimva minibasi isanatulukire pa chigayo: ng'oma ya Amini ikugunda bwinobwino, yosabanika, monga mmene inayenera kumvekera pa ukwati paja. Inadutsa pang'onopang'ono, fumbi likutsatira. Obed anadikira mpaka itakhota pa msika. Hutala sinalire.