Galu Wofiira pa Chitseko cha Amayi Amasiye

Galuyo sindinamusankhe ndine. Bambo anga anagwira ntchito yophika kwa mzungu wina ku Kabulonga zaka zambiri, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira wotchi yapakhoma, mipando iwiri ndi galu. Wotchiyo inafa mwezi womwewo. Galuyo ndiye anali ndi moyo wokwanira agalu asanu.

Anali wofiira ngati njerwa yootcha, waubweya wautali, makutu olendewera. Azungu amati mtundu umenewu ndi seta. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho tinkangomuitana ndi likhweru. Ku Kabulonga anali ndi bwalo la kapinga loti athamangemo mpaka atope. Kwathu ku Mtendere anapeza puloti ya zitseko zisanu, mpope umodzi, chingwe chimodzi choyanikapo zovala, ndi anthu amene sanamuitane.

M'mawa uliwonse, ndisanapite kumsika kumene ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ndinkapita naye kubwalo la mpira. Ankazungulira bwalolo mpaka ine woonerera kumva chizungulire, koma pofika kunyumba ankakhala ngati sanayambe n'komwe. Sanalumepo munthu. Koma anagubuduza mbaula ya eni ake nyemba zili pamoto, anathothola chitenje pachingwe n'kuthawa nacho mpaka kumsewu wa maminibasi, ndipo mlendo aliyense ankamulumphira pachifuwa kuti amunyambite kumaso.

Bambo atamwalira, galuyo anayamba kugona pampando wawo. Ndinene zoona, ndinkamukonda kuposa abale anga ena, ndipo sindichita nazo manyazi.

Amene ankadana naye kwambiri anali amake mapasa, a chitseko chachiwiri, eni ake nyemba zija.

"Iyi imbwa yanu," anandiuza tsiku lina pampope akuloza galuyo, "siku limozi muzaipeza yauma."

Patapita sabata ndinapeza kachidutswa ka soseji pafupi ndi khomo langa. Ku Mtendere palibe amene amataya soseji. Nditakang'amba ndinapeza timibulu ta mankhwala a makoswe m'kati. Ndinakaponya m'chimbudzi, ndipo kuyambira tsikulo, ndikakhala kumsika, mtima unkakhala kunyumba.

Mwezi womwewo m'chipinda chachinayi munalowa amayi ena amasiye, achikulire, osalankhulalankhula. Makolo awo anachokera ku Ntcheu, kutsidya kwa malire, monganso agogo anga, ndipo ankalankhula ngati bambo anga, mawu athunthu osadula. Ankanditchula kuti mwananga. M'mawa ankatuluka ndi kabasiketi kovindikira, masana n'kubwerera, n'kudzitsekera, wailesi ikulira.

Tsiku lachitatu chilowereni iwo, galu wanga akuthamanga pabwalo monga mwa masiku onse, anangoti zii pakhomo pawo. Anauma thupi lonse, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba, mchira utawongoka ngati ndodo, mphuno italunjika pachitseko. Sanauwe. Sanakande. Galu amene sankatha kukhala pansi nthawi yomwera kapu ya tiyi anaima choncho mpaka ndinachita kumukoka.

Ine ndinadziwa chimene chinali. Bambo anandiuzapo ntchito ya agalu amenewa, poti ankaperekeza bwana wawo kumafamu a ku Chisamba kukasaka nkhanga ndi nkhwali. Seta akanunkhiza mbalame yobisala m'udzu saithamangitsa. Amaima choncho, kuonetsa pamene ili, mpaka wamfuti afike. Madzulo a tsiku lomwelo, potaya phulusa, ndinaona kudzala timakoko ta mazira, tating'ono, tamawangamawanga. Amayiwo ankaweta zinziri m'chipinda. Ndinamvetsanso chifukwa chake ankabisa. Alandilodi athu, a chitseko choyamba, anathamangitsa munthu m'chipinda chomwecho chifukwa cha anapiye, ndipo lamulo lawo linali lodziwika.

Mawa lake galu anaimanso pomwepo. Amake mapasa anasiya kuchapa n'kumuyang'ana.

"Manje ichita chani apo?"

Pakamwa panga pamandipalira kuyambira ndili mwana. Ndinafuna kungowabaya pang'ono chifukwa cha soseji uja.

"Iyi imbwa iona vamene imwe simuona," ndinatero, n'kulowa m'nyumba ndikuseka.

Iwo sanaseke. Pasanathe sabata, puloti yonse ndi mapuloti oyandikana anali atamva kuti galu wa mzungu amaona zinthu. Anthu anayamba kumupatuka panjira. Amene ankamugenda anasiya. Soseji sanaonekenso. Ndinayamba kugulitsa salaula wanga mtima uli m'malo, ndipo ndinadziuza kuti nkhani yopusa ngati imeneyi idzatha yokha.

Siinathe. Galu ankaima pachitseko chija tsiku ndi tsiku, ndipo anthu ankabwera kudzasuzumira pageti. Amayi aja akafika pampope, azimayi ankachotsa zidebe zawo n'kuitana ana. Tsiku lina anandiimitsa ndikutseka chitseko changa.

"Mwananga, galu wakoyu akufunanji pakhomo panga? Anthu asiya kundiyankha moni."

Akanakhala galu wamba bwenzi akuuwa ndi kukanda chitseko, iwo n'kuzindikira okha. Koma uyu ankangoima, ndipo iwonso anali atayamba kumuopa. Mawu anali pamlomo panga. Ndinayang'ana galu wanga atagona pampando wa bambo, ndinakumbukira timibulu tija.

"Ndi galu chabe, amayi," ndinatero, maso ali pa loko.

Kenako mmodzi wa mapasa anadwala. Thupi linatentha, anayamba kukomoka, ndipo mankhwala a kukiliniki sanagwire msanga. Masiku anayi amake sanagone. Ndinkawamva akupemphera mokuwa, ndipo m'pempheromo munkamveka mawu akuti mdani wa pakhomo.

Loweruka masana ndili kumsika, mayi wa chitseko chachisanu anandiimbira foni. Anangoti, "Bwelani manje manje." Ndinasiyira mnzanga katundu n'kuthamanga.

Pageti sindinathe kulowa bwino chifukwa cha anthu. Panali azimayi a kutchalitchi cha amake mapasa, anyamata ochokera kuthaveni, ndi ena ongodutsa. Galu ndinamusiya womangidwa, koma anali atavula chingwe, ndipo anali pamalo pake, mwendo m'mwamba, mphuno pachitseko chachinayi. Anthu anamusiyira mpata ngati mlaliki. Galasi la zenera la amayi aja linali litasweka kale. Mchimwene wa amake mapasa, kondakitala wa minibasi, anali kutsogolo ndi chidutswa cha buloko m'manja. Wina kumbuyo kwake ananyamula chigubu, ndipo sindinafune kudziwa chimene chinali m'katimo. Alandilodi anaima pakhomo pawo manja atapinda.

"Chokani panja, ba mayo," ankatero kondakitalayo. "Mumasule mwana. Ngati simuchoka tizangena."

M'chipindamo wailesi inali itazimitsidwa.

Ndinadziwa kuti ndikanena zoona, galu wanga abwerera kukhala galu wogubuduza mbaula, ndipo ineyo ndikhala wabodza pamaso pa anthu okwiya. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene ndimafuna kuvomera. Buloko lachiwiri litagunda chitseko m'pamene ndinadzikankha kupita kutsogolo.

"Ni nyoni chabe," ndinatero, kunena mbalame zija. Mawu anatuluka ochepa. Ndinabwereza. "Iyi imbwa ni yosakila nyoni. Ikamvela fungo ya nyoni, iimilila so. Kulibe vina."

Amake mapasa anatembenuka, maso ofiira ndi kusagona.

"Si ndimwe munakamba ati iona vinthu?"

"Ninanama."

"Olo munama manje?" anatero kondakitala. "Bakupasani zingati?"

Anthu anang'ung'udza, ndipo ena anasendera kufupi nane. Ndinaona kuti mawu sathandiza. Ndinadutsa pambali pa galu, ndinagogoda, n'kuika pakamwa pamng'alu wa chitseko.

"Amayi, ndine. Ndipatseni zinziri zija."

Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, ndinaona diso limodzi ndi mpango wopendekeka.

"Alandilodi ali pomwepo," ananong'ona. "Akandichotsa ndipita kuti?"

Ndinakankha chitseko ndi phewa n'kulowa. Pansi panali magalasi, ndipo iwo anali atanyamula Baibulo ndi chiphaso chawo, ngati munthu wokonzeka ulendo. Kunsi kwa bedi kunali kakhola ka waya kokutidwa ndi chitenje. Ndinakakoka. Munali zinziri khumi ndi ziwiri zitaunjikana pakona.

Nditatuluka nako, mphuno ya galu inachoka pachitseko n'kutsata kakholako. Ndinayenda pang'onopang'ono pakati pa anthu mpaka pa chitseko chachiwiri, ndinakaika pakhomo pa amake mapasa, n'kukavindikiranso. Galu anabwera chokwawa, mimba pafupi ndi dothi. Atatsala mapazi atatu anauma, mwendo m'mwamba, mchira ndodo, mphuno italunjika pachitseko cha amake mapasa.

Ndinanyamula kakholako n'kukaika pakhomo pa alandilodi. Galu anachita chimodzimodzi, ndipo alandilodi anasuntha msanga pamene anaima. Mnyamata wina wa kuthaveni anaseka, wina n'kutsatira. Kondakitala anayang'ana buloko lake ngati sakudziwa amene wamupatsa, n'kulitsitsa pansi. Wachigubu uja sindinamuonenso.

Anthu anayamba kutuluka pageti, ena akuoneka okhumudwa ngati anawabera filimu. Amake mapasa anatsala, akuyang'ana kakhola kaja.

"Nanga vinyoni va pansi pa bedi ni va chani?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Va mazila," ndinatero. "Bagulisa mu tauni."

Anagwedeza mutu n'kulowa kwa mwana wawo. Alandilodi anayembekeza bwalo lipepuke, kenako anapita pa chitseko chachinayi. Za galasi losweka sananenepo kanthu.

"Mwezi ukasila, nifuna kiyi yanga."

Mwanayo anagonekedwa kuchipatala Lolemba, ndipo patapita masiku anabwera akuyenda yekha. Ndinakondwera, koma ndinamva azimayi pampope akuwerengetsa kuti anayamba kuchira liti.

Amayi aja anasamuka pa tsiku lomaliza la mwezi. Katundu wawo anakwana pawilibala imodzi. Palibe amene anatuluka kudzawathandiza, choncho ndinapita ndine kukagwira chingwe chomangira matilesi. Tinamanga katunduyo. Ataika kakhola pamwamba anandiyang'ana.

"Za mbalamezi munadziwa liti?"

Ndikanatha kunena kuti ndinazindikira Loweruka lomwelo. Akanakhulupirira, mwina akanandithokoza.

"Tsiku loyamba limene galu anaima pakhomo panu."

Sanakalipe. Anakonza chitenje pa kakholako, anachipindira bwino m'makona kuti mphepo isalowe, n'kuuza mwini wilibala kuti azipita. Sindinafunse kumene ankapita, ndipo sindinawaonenso, ngakhale mpaka lero ndikakwera minibasi yopita mtauni ndimayang'ana azimayi onyamula mabasiketi.

Mawa lake galu anatuluka ndi liwiro lake lija. Anafika pa chitseko chachinayi, ananunkhiza pansi kamodzi, n'kupitirira kukathamangitsa pepala. Amake mapasa anali pampope ndi azimayi ena awiri, ndipo onse anaona.

"Mwaona?" anatero motsitsa mawu. "Bachoka, na imbwa yaleka."

Ndinafotokozanso za nkhanga, za Chisamba, za fungo, mpaka kummero kuuma. Anandimvetsera mwaulemu ngati mmene timamvetserera munthu woledzera pamaliro, n'kupitiriza kutunga madzi.

Galu wanga anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi pa puloti imeneyo. Palibe amene anamugendanso. Akagwetsa mbaula, eni ake ankangotola makala. Amake mapasa ankamusungira mafupa m'kambale kake, ndipo galuyo anafa ndi ukalamba, ali wonenepa, pampando wa bambo.